Chotsani chitokosi pa milandu ya dzina: kalata kwa a Nduna ya Zachilungamo ndi aphungu athu

Olemekezeka a Nduna ya Zachilungamo, a Sipikala ndi aphungu nonse a Nyumba ya Malamulo ya Zambia ku Manda Hill, ndi inu akuluakulu a polisi,

Ndine bambo wopuma pa ntchito. Kwathu ndi ku Katete, koma imvi zandimerera muno mu Chawama. Zaka zambiri ndinazithera nditaima pakati pa woweruza ndi woimbidwa mlandu, kutembenuza Chingerezi kuti chimveke m'Chinyanja, ndi Chinyanja kuti chimveke m'Chingerezi. Womasulira salankhula zake. Amangotenga mawu a uyu n'kupatsa uyo, ngakhale akuona kuti apa munthu akudzimangirira yekha chingwe m'khosi. Tsopano poti ndinatula pansi ntchitoyo, ndiloleni ndinenepo zanga pa nkhani imodzi yokha: malamulo athu a kuipitsa dzina la munthu.

Ndisanadandaule, ndiwombe kaye m'manja. Pa 23 Disembala 2022 a Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lofafaniza gawo 69 la Penal Code, buku lathu la milandu ndi zilango zake, gawo lija linkati wonyoza mtsogoleri wa dziko akhoza kukhala kundende mpaka zaka zitatu. Gawolo linalowa m'buku mu 1965, ufulu ukadali wakhanda, ndipo linapulumuka maboma onse. Ngakhale a Fred M'membe ndi a Bright Mwape a nyuzipepala ya The Post atalitengera ku Supreme Court, khotilo mu 1996 linati lamulolo ndi loyenera. Linakhalapo mpaka linagwira mwana wa zaka 15 ku Kapiri Mposhi mu 2020 chifukwa cha zimene ankamuganizira kuti analemba pa Facebook. Mwana wa sukulu! Kulichotsa munachita bwino, ndipo ndikunena izi mosanyinyirika.

Koma mtengo munangousadza nthambi, chitsa chilipo ndipo chikuphuka. Mu Meyi 2024 a Raphael Nakacinda, a chipani cha PF, anagamulidwa miyezi 18 pa gawo 69 lomwelo, chifukwa mawu awo anawanena mu 2021 lamulo lisanafafanizidwe. Ine si wa chipani chawo, ndipo zimene ananenazo sindikuziikira kumbuyo. Ndikungoti lamulo limene tinaliika m'manda linadzuka n'kumanga munthu. Chachikulu kuposa apo, gawo 191 la Penal Code yomweyo likadalipo. Limati aliyense wolemba, wosindikiza kapena wojambula zoipitsa dzina la mnzake wapalamula mlandu wa boma, woti apolisi am'gwire, ndipo akhoza kukhala kundende mpaka zaka ziwiri. Pa lamulo limeneli kunena zoona pakokha sikukupulumutsa. Uyenera kuonetsanso kuti kufalitsa zoonazo kunali kothandiza anthu. Buku limeneli linayamba kugwira ntchito mu 1931, dziko lino likutchedwa Northern Rhodesia, likulu likadali ku Livingstone. Pa nthawiyo wolemba zoti anthu ambiri awerenge anali mwini makina osindikizira. Lero wolemba ndi aliyense amene ali ndi foni ndi bando ya tsiku limodzi, kuyambira mayi wa pa kantemba mpaka kondakitala wa minibasi ya ku Mtendere.

Vuto loyamba ndinkakumana nalo pakamwa panga pomwe. Pepala la mlandu likati munthu wachita libel, dzina la Chingerezi la mlandu wa gawo 191, ine ndinkayenera kusankha liwu lathu, ndipo Chinyanja chili ndi mawu ambiri kuposa lamulo. Pali kunamizira, kumuveka mnzako mlandu umene sanapalamule: kuti waba, kuti wagona ndi mkazi wa mwini, kuti ndi mfiti. Pali kutukwana, kotuluka munthu akapsa mtima, ndipo aliyense womva amadziwa kuti ndi mkwiyo chabe. Wonenedwa kuti ndi galu palibe amene amapita kukamufufuza mchira. Pali kujeda, kwa kumbali mwiniwake kulibe. Pali kudzudzula, kumuuza munthu kuti ntchito imene tinakupatsa sukuigwira. Ndiye pali nthabwala, monga zathu ife a kum'mawa ndi asuweni athu Abemba, iwo kutinena za mbewa ife kuwanena za anyani, mpaka kuwazana ufa pamaliro popanda wokwiya. Agogo anga, amene sanaponde m'kalasi, akanasiyanitsa zonsezi ali m'tulo. Koma pa kauntala ya polisi zonse zimaphikidwa mumphika umodzi, ndipo chimene chimalemera ndi dzina la wodandaula, osati mtundu wa mawu.

Ndikuuzeni za anthu awiri amene ndinawaona ndi maso angawa.

Woyamba ndi mwana wa mlongo wanga. Ankaphika nsima pa msika wina wa muno mu Lusaka: nkhuku ya kumudzi, kapenta, chibwabwa chotendera, nyemba za Kabulangeti. Madalaivala ndi anyamata oitanira basi ankachita kulimbirana benchi pa iye, moti thumba la ufa la makilogalamu 25 silinkapitirira masiku awiri. Tsiku lina m'mawa mnzake anamuonetsa foni. Pa tsamba lina la Facebook lopanda dzina la mwini panali chithunzi chake atanyamula chigubu cha madzi, pansi pake atalemba kuti mayi uyu amaphikira madzi osambitsira mitembo kuti makasitomala asamuchoke. Madziwo anali a pampopi wa pamsika pomwepo, amene aliyense amatunga. Koma ndani anafunsa? Pofika masana chithunzicho chinali chitalowa m'magulu a WhatsApp a mpingo, a chilimba, a makolo a kusukulu. Tsiku limenelo nsima inazizira mumphika. Ndinamupeza madzulo atakhala pa chigubu chomwecho, mbale zotsuka kale zili phee pa thebulo, akuyang'ana ntchentche pa ndiwo. Mwana wake wa giredi 5 anabwera akulira kuti anzake akumutcha mwana wa kumotchale.

Tinapita limodzi ku polisi ina, ine nditavala jekete langa la kukhoti kuti mwina ationa ngati anthu. Wapolisi anali waulemu, sindingamunamizire. Anatifunsa kuti, “Amene walembayo mukumudziwa, mdala?” Tinati ayi. Anati, “Mukamudziwa mubwere.” Loya amene tinamuona anatiuza mosabisa kuti mlandu wotere ku High Court umatenga zaka, ndipo ndalama yongotsegulira failo inali yoposa mpamba wonse wa bizinesiyo. Mwana wa mlongo wanga anagulitsa mapoto n'kusamukira ku komboni ina kumene sakumudziwa. Madzi akatayika saoleka.

Wachiwiri ndi mnyamata wa kumpingo kwathu. Inali Januwale 2024, kolera itavuta, odwala atadzaza ku Heroes Stadium, sukulu zitachedwa kutsegulidwa. Kuseri kwa nyumba yawo kunali ngalande imene kontilakita wina anaikumba n'kuisiya pakati, madzi akuda ataima, ana akudumphadumpha pamwamba pake. Mnyamatayo anajambula n'kuika pa gulu la WhatsApp la anthu a m'dera, n'kulemba kuti kontilakitayo wadya ndalama. Apa ndinene chilungamo: analakwitsa kalembedwe. Chimene anali nacho m'manja ndi ngalande yosatha. Umboni wa ndalama analibe. Akanandifunsa ndikanamuuza kuti alembe kuti ntchito yaima, tikufuna kudziwa chifukwa. Koma taonani liwiro lake. Masiku awiri okha, apolisi anali atafika pakhomo. Anamutenga Lachisanu madzulo, nthawi imene aliyense wodziwa za makhoti amadziwa tanthauzo lake. Anagona m'chitokosi mpaka Lolemba, nsapato ndi lamba atavula, amayi ake akupereka nsima pa kawindo. Lolemba anatuluka pa polisi bondi, ndipo mlanduwo sunafike n'komwe pamaso pa woweruza. Sunafunikire kufika. Chilango chinali chitaperekedwa kale. Gulu la WhatsApp lija, limene linkakamba za zinyalala, za mipope yophulika, za mbava, lero muli mavesi ndi “mwadzuka bwanji” basi. Ngalande inakhala chikhalire mpaka mvula inatha.

Olemekezeka, anthu awiriwa anali pansi pa lamulo limodzi. Amene ananamiziridwa bodza lenileni, lomuphera bizinesi, anauzidwa kuti akafufuze yekha. Amene anakhudza munthu wodziwika anagona pa simenti. N'chifukwa chake ndikamva wina akuti tikachotsa ndende anthu wamba adzasowa chitetezo, ndimafunsa kuti chitetezo chake chiti? Pa zaka zanga zonse zomasulira, wodandaula pa milandu yotereyi nthawi zambiri ankabwera pa galimoto, woimbidwa mlandu pa minibasi.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mudzanena, ndipo si zopanda pake. Pa intaneti pali matusi oti munthu wamkulu sangawerenge pamaso pa ana ake. Amayi amene amaima pa chisankho amavulidwa ndi mawu, kunenedwa za m'chipinda, mpaka ena kungosiya ndale. Inunso ndinu anthu, muli ndi akazi, amuna, ana ndi apongozi amene amawerenga zimenezo. Malamulo aakulu a dziko, pa Article 20, amapereka ufulu wolankhula, koma pomwepo amalola malire oteteza mbiri ya anthu ena. Ine sindikupempha dziko loti aliyense azinena chilichonse. Mwana wa mlongo wanga akanandiseka ndikananena zimenezo. Funso langa ndi la chida. Udzudzu ukatera pa mphuno ya mwana sitiupha ndi nkhwangwa.

Mayiko anzathu anafika kale pa mfundo imeneyi. Ghana inachotsa ndende pa milandu ya dzina mu 2001. Pa 5 Disembala 2014 khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, la ku Arusha, linagamula mlandu wa mtolankhani Lohé Issa Konaté wa ku Burkina Faso, amene anapatsidwa miyezi 12 kundende chifukwa cha nkhani zokhudza woimira boma pa milandu. Khotilo linati ndende ndi chilango chopyola muyeso pa mlandu wa dzina. Makhoti a ku Zimbabwe ananena zomwezo mu 2014, a ku Kenya mu 2017, a ku Lesotho mu 2018. Abale athu a kutsidya kwa Mwami nawo, mu Julayi 2025 khoti lawo linathetsa gawo 200 la Penal Code ya Malawi, limene ndi mapasa ndi gawo 191 lathu, obadwa kwa mayi mmodzi wa chitsamunda. Ngakhale eni ake a ku London amene anatisiyira lamuloli analitaya mu 2010. Ife tikusungabe jekete limene mwini wake anaponya kudzala.

Ndipo nzeru imeneyi si yobwereka. Mu Disembala 2014 High Court yathu, pa mlandu wa a McDonald Chipenzi ndi atolankhani a nyuzipepala ya Daily Nation, inathetsa gawo 67 la kufalitsa nkhani zabodza, ponena kuti likusemphana ndi malamulo aakulu. Dziko silinagwe. Kalekale, mu 1995, a Michael Sata ali nduna anasumira The Post. Anaweruza ndi a Matthew Ngulube, amene anali mkulu wa oweruza onse. Anayang'ana chigamulo chotchuka cha ku America cha 1964, cha New York Times ndi Sullivan, chimene chimati wa udindo sangapambane mlandu pokhapokha ataonetsa kuti wolembayo ankadziwa kuti ndi bodza kapena sanasamale n'komwe. Sanachimeze chonse, chifukwa anaona kuti nduna nayo ili ndi dzina loyenera kutetezedwa. Koma ananena momveka kuti wa udindo ayenera kupirira kudzudzulidwa pa ntchito yake kuposa munthu wamba. Kwathu timangoti mutu ukakula sulewa nkhonya. Chonde zindikiraninso kuti a Sata, munthu amene sankaopa aliyense, pa nkhaniyi anapita kukhoti ngati wodandaula wamba, kukasuma. Njira imeneyo ilipo kwa aliyense wa inu, ndipo inu ndalama za loya muli nazo.

Ndiye pempho langa loyamba ndi lachidule. Fafanizani gawo 191 ndi magawo otsatira ake, monga munachitira ndi 69. Nkhani ya dzina ikhale ya anthu awiri pamaso pa woweruza, apolisi atuluke m'menemo. Woopseza kupha mnzake, wofalitsa zithunzi zamaliseche za mkazi, wouza anthu kuti akawotche nyumba ya wina, amenewo malamulo awo alipo ndipo awagwire ndithu. Amenewo si milandu ya dzina.

Musatseke khomo la kutsogolo n'kusiya zenera. Lamulo la za intaneti la 2021 linali ndi mlandu wa kuzunza munthu pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta, ndipo mwangozi yoseketsa gawo lakenso linali 69. Mu Epulo 2025 munabweretsa malamulo awiri atsopano m'malo mwake, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, ndipo mlandu wa kuzunza ndi kunyazitsa munthu ulimobe. Ine monga womasulira ndikufunseni: kunyazitsa ndi chiyani? Khansala amene wajambulidwa akugona pa msonkhano wanyazitsidwa. Mkulu amene msewu wake wakumbika patangotha mwezi wanyazitsidwa. Mawu otambalala chotere amasanduka thumba loti chilichonse chilowemo. Achepetseni, anene momveka kuti kudzudzula wa udindo pa ntchito yake si kuzunza. Munakweza ndalama za CDF, za chitukuko cha dera la phungu aliyense, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, n'kutiuza kuti tiziyang'anira tokha mmene zikugwirira ntchito. Munatipatsa lamulo la Access to Information, la ufulu wopempha kudziwa za boma, mu Disembala 2023 kuti tizifunsa. Koma amene anaona mnzake akugona m'chitokosi chifukwa cha ngalande adzafunsa chiyani?

Pempho lachiwiri ndi limene lili pamtima panga kwambiri, chifukwa olankhula za ufulu wa atolankhani kawirikawiri amaiwala mayi wa mapoto uja. Lamulo lathu la kusumirana pa dzina, Defamation Act, ndi la 1953, wailesi ya kanema isanafike n'komwe m'dziko muno. Linalembedwera nyuzipepala ndi mabwana okhala ndi maloya. Mankhwala ake aakulu ndi ndalama, zobwera patapita zaka. Koma wonamiziridwa chimene amafuna msanga si ndalama. Amafuna dzina lake litsukidwe anthu asanaiwale kumene anamvera bodzalo.

Apa makolo athu anatiposa. Ndili mwana ku Katete ndinaona mlandu pa bwalo la a mfumu. Mayi wina ananena pachitsime kuti mnzake anaba mapira m'nkhokwe. Sipanathe sabata. Anthu anasonkhana pansi pa mtengo, anduna anafunsa kuti, “Munaona ndi maso, kapena munamva?” Mayiyo anazungulirazungulira, mapeto ake anavomera kuti anangomva. Chigamulo chinali nkhuku imodzi, komanso kuti mawa m'mamawa akaime pachitsime pomwepo, nthawi imene amayi onse amatunga, n'kunena mokweza kuti ndinanama. Nkhuku inali yongotsekera mlandu. Chilango chenicheni chinali chitsime. Bodza linabwezedwa pamalo pamene linabadwira, kwa makutu omwewo amene analimva, ndipo madzulo ake amayi awiriwo anasinja pa mtondo umodzi. Sindikuti mabwalo a kumudzi anali angwiro. Ndinaonanso akukondera wachibale wa mfumu, ndi kutseka pakamwa mkamwini. Koma pa chinthu ichi anali ndi nzeru imene buku la 1953 lilibe.

Tipatseni chitsime chimenecho m'lamulo. Munthu wonamiziridwa azitha kupita kwa majisitireti kapena ku lokolo khoti ya kwawo, ku Matero, ku Kanyama, ku Chilenje, kumene anthu amalankhula okha m'chinenero chawo popanda loya, ndipo mlandu uzimvedwa m'masabata, osati m'zaka. Woweruza akhale ndi mphamvu yolamula kuti bodza lichotsedwe, ndipo wolembayo alembe kupepesa pa tsamba lomwelo, pa gulu lomwelo, kukhale pamenepo masiku owerengeka. Amene wabweza mawu ake msanga chipepeso chichepe. Wokakamira bodza ndiye alipire zowawa. Pamene wolemba wabisala kuseri kwa dzina lopeka, akhale woweruza, atamva mbali ya wodandaula n'kuona kuti nkhaniyo ndi yolemera, amene angalamule kuti afufuzidwe, osati bwana kuimbira foni mnzake wa ku ofesi. Ndipo a Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, apatsidwe mphamvu ndi ndalama zothandizira anthu ngati mwana wa mlongo wanga.

Mbali inayo muitchinjirizenso. Wolemera asamagwiritse ntchito samani ngati chibonga, kusumira kanyuzipepala kapena wailesi ya m'dera ndalama zoti ngakhale atagulitsa nyumba sangakwanitse, cholinga chili choti atseke pakamwa basi. Ku England kuyambira ndi lamulo la 2013 wodandaula amayenera kuonetsa kaye kuti mawuwo amuvulaza kwambiri mlandu usanapite patali. Ifenso woweruza azitha kutaya msanga mlandu woopsezera. Mtolankhani amene anafufuza mokwanira, anaimbira mwiniwake kuti ayankhepo, n'kulakwitsa pang'ono pa nkhani yokhudza anthu onse, asaweruzidwe mofanana ndi wopeka bodza ali chigonere pabedi. A bungwe lounika malamulo la Zambia Law Development Commission, a bungwe la maloya la LAZ ndi a bungwe la ufulu wa atolankhani la MISA Zambia angakuthandizeni kulemba zimenezi bwino kuposa ine. Ine ndimangodziwa mmene mawu amamvekera akafika m'khutu la woimbidwa mlandu.

Kwa inu akuluakulu a polisi, pali zimene mungachite mawa lomwe osadikira Nyumba ya Malamulo. Lekani kugwira anthu Lachisanu madzulo pa milandu ya mawu. Lekani kunyamula munthu wa mu Lusaka kupita naye ku boma lakutali chifukwa choti wodandaula anakadandaulira kumeneko, kumene alibe wachibale wom'bweretsera chakudya kapena wom'sainira bondi. Munthu wolemba pa foni sathawa. Nyumba yake mukuidziwa, muitaneni abwere Lolemba m'mawa.

Ndipo inu aphungu, a mbali zonse ziwiri, kumbukirani mmene mipando ya m'nyumba imeneyo imasinthira. Ndinamasulirapo mawu a anthu amene chaka china ankaombera m'manja lamulo, chaka chinacho ataima m'bokosi la woimbidwa mlandu pa lamulo lomwelo, akundiyang'ana ine kuti ndiwafewetsere mawu. Sindikanatha. Womasulira amapereka zimene zalembedwa.

Mwana wa mlongo wanga wayambanso kuphika, pang'onopang'ono, ndi mapoto obwereka. Chithunzi chija chikadali pa Facebook mpaka lero. Ndinachiyang'ananso dzulo ndisanayambe kulemba kalatayi. Kope la kalatayi ndikalisiya ndekha ku ofesi ya phungu wa dera lathu, ndipo komiti yanu ikadzaitana anthu kuti apereke maganizo pa malamulowa, ine ndi iye tidzabwera. Iye adzalankhula m'Chinyanja, ine ndidzamasulira.

Ine wanu,
Womasulira wopuma,
Chawama, Lusaka